Kamangidwe ka dziwe la nsomba za koi pakhomo

Nsomba za koi ndi mtundu wa nsomba zotchedwa kapu (carp) umene alimi a mpunga a ku Niigata, m'dziko la Japan, anayamba kuusankhula chifukwa cha mawanga ake m'zaka za m'ma 1800. Munthu akaona koi ya mtundu wa Kohaku, yoyera ya mawanga ofiira, ikadali yaing'ono ngati chala, savomereza msanga kuti ikhoza kutalika kupitirira masentimita 60 ndi kukhala ndi moyo zaka zoposa 25. Komatu dziwe liyenera kumangidwa poganizira nsomba yaikuluyo, osati kamwana kamene mwagula lero.

Musanagwire khasu, fufuzani malamulo a kumene mukukhala. Ku Malawi boma limaletsa kuweta kapu mwachisawawa pofuna kuteteza nsomba za m'nyanja ya Malawi, choncho yambani mwafunsa ku Dipatimenti ya za Usodzi, ndipo kulikonse kumene muli musatayire koi mumtsinje kapena m'dambo.

Sankhani malo amene amalandira dzuwa m'mawa koma n'kukhala ndi mthunzi masana, kutali ndi mitengo yoyoyola masamba ndiponso ya mizu yoboola. Pewani malo otsika, chifukwa madzi a mvula amakokolola feteleza ndi mankhwala a m'munda n'kuzithira m'dziwe. Pofuna kutchinga madzi otere, kwezani m'mphepete mwake pang'ono.

Kuya kwa dziwe ndi kumene ambiri amaumira, ndipo ine ndimaona kuti ndi pamene sipayenera kuumiridwa. Kumbani mita imodzi ndi masentimita 20 kapena kupitirira apo, makoma ake akhale otsetsereka kwambiri, pakuti madzi akuya satentha kapena kuzizira mwadzidzidzi, komanso mbalame zodya nsomba zimasowa poima. Dziwe lotalika mamita 3, mulifupi mamita 2, lakuya chomwecho, limasunga malita 7,200, amene ndi okwanira koi zisanu kapena zisanu ndi imodzi zikakula. Pansi pake pakhale popendekera pakati, pamene mudzaike paipi yokokera zinyalala kupita ku sefa. Paipi imeneyi iikeni tsopano, chifukwa kuiwonjezera dziwe litadzaza kale ndi ntchito yowawa.

Pali njira ziwiri zotsekera madzi. Yoyamba ndi kuyala chinsalu cha labala cha EPDM pamwamba pa mchenga wosalala kapena makapeti akale, mutachotsa miyala yonse yakuthwa. Poyeza chinsalucho, pa kutalika kwa dziwe ndiponso pa mulifupi mwake onjezerani kuya kawiri ndi masentimita 60 a m'mphepete, kutanthauza kuti dziwe lathu lija lifuna chinsalu cha mamita 6 m'litali ndi mamita 5 mulifupi. Yachiwiri ndi njerwa ndi simenti, zimene zimakhalitsa, koma simenti yatsopano imatulutsa laimu wopweteka nsomba, motero iyenera kupakidwa penti wotsekera madzi wopangidwira maiwe a nsomba.

Mtima wa ntchito yonseyi ndi sefa. Koi zimadya kwambiri ndipo zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni ngakhale madzi akuoneka oyera mbee. Sefa yabwino imakhala ndi zigawo ziwiri: choyamba chimagwira ndowe ndi masamba, pamene chachiwiri chimakhala ndi timapulasitiki kapena miyala ya timabowo yokhalamo mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, kenaka nitrate, amene savuta kwambiri. Pampu izitha kuzungulitsa madzi onse a m'dziwe kamodzi pa ola limodzi kapena awiri, usana ndi usiku. Kumene magetsi amazimazima, gulani kapampu ka mpweya koyendera batire kapena sola musanagule nsomba, popeza usiku wotentha mpweya umatha msanga m'madzi ndipo nsomba zikuluzikulu ndizo zimayamba kufa.

Mukadzaza madzi a pampopi, thiranimo mankhwala ochotsa klorini, kenaka yatsani pampu. Mabakiteriya aja amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achuluke, choncho yambani ndi nsomba ziwiri kapena zitatu zokha, n'kumayeza madzi sabata iliyonse mpaka amoniya ndi nitrite atafika pa ziro. Mulingo wa pH, wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi, ukhale pakati pa 7 ndi 8.5. Thumba la nsomba yatsopano liyandame pamadzi kwa mphindi 20 musanalimasule, ndipo nsomba yobwera pambuyo pake iyambe yasungidwa payokha kwa masabata angapo kuti isabweretse matenda.

Zipatseni chakudya chimene zingamalize m'mphindi zisanu, ndipo madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 10 a Celsius lekani kuzidyetsa, chifukwa m'mimba mwake simugaya bwino. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi n'kuthiramo atsopano. Otayidwawo thirirani ndiwo zamasamba. Ngati pakhomo pali ana aang'ono, mangani mpanda wokhala ndi chitseko chokhoma musanathire madzi m'dzenjemo.