Momwe mungachotsere penti wakale pa tindege ndi timagalimoto ta pulasitiki

Kandege ka Airfix kapena kagalimoto ka Tamiya kamene wina anakapaka penti wokhuthala zaka zapitazo sikoyenera kutayidwa. Kaya mwakagula pa msika wa ku Avondale muno mu Harare, kaya mwakapeza m'katoni ya achimwene anu ku Highfield, pentiyo amachoka ndipo timizere ta pamapiko timaonekanso. Chofunika kwambiri ndi kusankha bwino mankhwala. Pulasitiki wa zidolezi ndi polystyrene, ndipo amasungunuka akakhudzidwa ndi acetone, thina wa penti wa magalimoto, kapena mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo. Zimenezi musaziyandikitse n'komwe, chifukwa phiko likafewa silibwereranso.

Yambani ndi kumasula zomwe zingamasuke. Kagalasi ka pamalo a woyendetsa ndege, matayala a labala ndi tizitsulo ziikeni padera. Tizigawo toonekera mkati timachita chifunga ndi kusweka msanga, choncho musativiike pamodzi ndi zinazo.

Kenako dziwani mtundu wa penti. Nyowetsani kathonje ndi sipiriti wapepo uja wa m'masitolo, mupukute pansi pa phiko pamene sipaoneka. Mtundu ukatsalira pathonjepo, pentiyo ndi wa acrylic ndipo ntchito yanu yapepuka. Akapanda kusuntha, kawirikawiri amakhala enamel, ngati wa m'tizitini ta Humbrol ta 14 ml.

Pa acrylic, ikani chidolecho m'kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, muthire isopropyl alcohol wa 90 peresenti kapena kuposa, amene mungafunse ku famase. Akasowa, sipiriti yemwe uja amagwira. Dikirani ola limodzi, kenako tsukani ndi mswachi wakale. Vindikirani ndithu, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, apo ayi mupeza mankhwala onse auluka.

Ine ndimakonda Dettol wabulauni, chifukwa amapezeka paliponse ndipo sachita nkhanza pa pulasitiki. Viikani chidolecho usiku wonse osasungunula ndi madzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amathamangira kumpopi penti asanachoke yense. Dettol akakumana ndi madzi, pentiyo amasanduka phala lomata ngati ulimbo, lovuta kuchotsa kuposa poyamba. Tsukirani mu Dettol momwemo, mupukute ndi pepala, mubwereze mpaka pulasitiki aonekere. M'makona gwiritsani ntchito kamtengo kotokosera m'mano. Mpeni ndi singano zimasiya zipsera zomwe zidzaonekera pansi pa penti watsopano. Valani magolovesi, poti Dettol wosasungunula amasupula khungu la m'manja.

Enamel wokhalitsa amafuna mankhwala otsukira uvuni, amene amakhala ndi caustic soda. Poperani chidolecho muli panja, muchiike m'jumbo, mumange, muchisiye maola angapo. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi mankhwala amachedwa kugwira, ndiye chisiyeni mpaka m'mawa. Mankhwalawa amawotcha khungu ndi maso, komanso amadya aluminiyamu, choncho poto wa kukhitchini asalowepo. Amachotsanso kunyezimira kwa chrome pa mabampala a timagalimoto, ngakhale kuti pa ntchito imeneyo Jik payekha amakwanira. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena aliwonse.

Ena adzakuuzani za mafuta a mabuleki a DOT 3 kapena DOT 4, amene ali mbwee m'masitolo a zipangizo zamagalimoto mu Kaguvi Street. Amachotsadi penti, koma pulasitiki wina amauma n'kuyamba kuthetheka. Ine ndimawasiya kukhala njira yomaliza, ndipo ndimayamba ndayesa pa kachidutswa kotsala.

Penti akatha, tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale monga Sunlight. Madzi otentha amapinda mapiko. Ngati mpopi wauma, beseni limodzi la madzi a pachitsime likwanira, ingotsukuluzani kawiri. Umitsani pamthunzi tsiku lathunthu musanapake penti woyambira.

Mankhwala otsala asefeni ndi kansalu, muwasunge m'botolo lolembedwa bwino, patali ndi ana, chifukwa amagwiranso ntchito ulendo wina. Musawathire mu ngalande. Madzi a m'ngalande za mumzinda uno amatsikira mu mtsinje wa Mukuvisi n'kukathera m'nyanja ya Chivero, komwe Harare imatunga madzi akumwa.