Kufufuza Vuto la Magetsi ndi Madzi Olowa m'Galimoto Yakale

M'galimoto yomwe yatha zaka 40 kapena 50, vuto la magetsi ndi vuto la madzi a mvula olowa mkati nthawi zambiri limakhala limodzi. Labala ikauma ndi kung'aluka, madzi amadzera m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, n'kutsetsereka kuseri kwa dashibodi mpaka kukafika pa bokosi la mafyuzi kapena polumikizirana mawaya, ndipo kumeneko amasiya dzimbiri lobiriwira lomwe limatchinga magetsi. Choncho musanagule alteneta (chipangizo chotchaja batire injini ikamayenda) kapena batire yatsopano, unikani kaye ngati m'galimotomo ndi mouma.

Chotsani makapeti onse pamodzi ndi chinsalu chokhuthala cha pansi pake, pakuti chinsaluchi chimasunga madzi kwa milungu ingapo ngakhale kapeti ikuoneka youma, ndipo n'chimene chimawoletsa chitsulo cha pansi. Mukapeza chinyezi, dziwani kaye gwero lake. Madzi ochokera mu hita amaterera m'zala, amakhala ndi kafungo kotsekemera, amasiya nkhungu yamafuta pagalasi, ndipo madzi a mu radiyeta amachepa pang'onopang'ono. Ngati zizindikirozi palibe, ndiye kuti ndi a mvula.

Kupeza polowera madzi kumafuna anthu awiri: wina akhale mkati ndi tochi, mnzake kunja ndi paipi yotulutsa madzi mofatsa, osati mopopera mwamphamvu. Wakunjayo ayambire kunsi kwa zitseko ndi kumakwera pang'onopang'ono, akudikira mphindi zingapo pamalo aliwonse, chifukwa akayambira padenga madzi adzanyowetsa paliponse nthawi imodzi ndipo wamkatiyo sadzadziwa komwe alowera. Pamene madzi akudonthera si kawirikawiri pamene alowera, popeza amatha kuyenda mtunda ndithu motsata msoko wa chitsulo kapena mtolo wa mawaya. Kuwaza paudala pamalo okayikitsa kumathandiza, chifukwa madzi amasiya kanjira kooneka bwino.

Malo oyamba kuwakayikira ndi ngalande yomwe ili pakati pa boneti ndi galasi lakutsogolo, momwe masamba ndi fumbi zimatseka timabowo totulutsira madzi mpaka madziwo kusefukira mkati. Timabowo ta kunsi kwa zitseko timatsekekanso chimodzimodzi, ndipo kawaya kakang'ono n'kokwanira kutitsegula. Unikaninso timalabala tomwe mawaya amadutsamo pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, potulukira zitsulo za mawaipa, komanso kuzungulira nyali zakumbuyo ngati mu buti mukunyowa. Labala ya chitseko iyeseni potsekera kapepala pakati: kakamasololoka mosavuta, pamenepo sipakugwira. Pomata, pewani silikoni ya fungo la viniga, chifukwa asidi wake amayambitsa dzimbiri pachitsulo, ndipo labala yomwe yauma gwa ndi yofunika kuisintha, osati kuimata.

Mkati mukauma, tembenukirani ku magetsi, koma dziwani kaye mtundu wa galimoto yanu. Magalimoto ambiri a ku Britain opangidwa mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1960 ankalumikiza mbali ya + ya batire ku bodi, osati ya −, ndipo Volkswagen Beetle inkagwiritsa ntchito mavolti 6 mpaka cha m'ma 1966. Kulumikiza wailesi yamakono kapena chaja mosaganizira zimenezi kumapsereza zipangizo. Pomasula batire, yambani ndi waya wopita ku bodi ndipo mumubwezeretse pomaliza, kuti sipanala ikakhudza chitsulo pasatuluke moto. Vulaninso mphete ndi wotchi.

Batire ya mavolti 12 yodzaza bwino imasonyeza pafupifupi 12.6 pa mita yoyezera magetsi injini itazima, ndipo ikasonyeza 12.2 ndiye kuti yatsala ndi theka la mphamvu. Poliza injini, nambalayi isatsike kupitirira 9.6, ndipo injini ikamayenda iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ngati galimoto ili ndi dainamo (chotchajira batire chachikale) m'malo mwa alteneta, musadabwe kuona kuti sikutchaja injini ikamayenda pang'onopang'ono. Pondani mafuta pang'ono musanaiweruze, ndipo onani ngati lamba wake sanakhwefuke.

Gawo lalikulu la mavuto odabwitsa limachokera ku ethi, yomwe ndi njira yobwererera magetsi ku batire. Magetsi akachoka ku batire ndi kudutsa mu babu, amabwerera kudzera m'chitsulo cha bodi, ndipo polumikizira pakachita dzimbiri amafunafuna njira ina yobwererera kudzera m'mababu oyandikana nawo. N'chifukwa chake mumaona indiketa ikuphethira pamodzi ndi nyali ya mabuleki, kapena nyali imodzi yakutsogolo ikuyaka mofooka pamene inzake ikuwala bwino. Kuti mutsimikize, tengani waya wautali, mbali imodzi muilumikize ku mutu wa batire wopita ku bodi, inayo mukhudzitse pachitsulo cha nyali yovutayo. Ikawala bwino, vuto mwalipeza. Masulani bawuti, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani molimba, kenako pakani girizi pamwamba kuti chinyezi chisabwerere. Musaiwale lamba wa ethi wolumikiza injini ku bodi, pakuti akaduka, magetsi a sitata amadzera m'kebulo ya choki kapena ya mafuta, yomwe imatentha mpaka kusungunula pulasitiki yake.

Apa mpofunika kuyeza chipangizo chikugwira ntchito. Waya yemwe watsala ndi tizingwe tiwiri tokha amasonyezabe mavolti 12 ngati palibe chomwe chikukoka magetsi, koma amalephera nyali ikangoyatsidwa. Yatsani nyaliyo, ikani mano a mita mbali ziwiri za polumikizira pomwe mukukayikira, ndipo mukawerenga zoposa mavolti 0.2 dziwani kuti pamenepo pakutayika mphamvu.

Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza, pali waya wosupuka yemwe akukhudza bodi. Kuika fyuzi yaikulu kapena kumangapo kawaya n'kuitana moto, ndipo pa magalimoto a ku Britain pali msampha wina: fyuzi yagalasi ya Lucas (kampani yomwe inkapanga zamagetsi za magalimotowa) yolembedwa 35 imanena mphamvu yomwe imapsera, pamene mphamvu yomwe imanyamula mosalekeza ndi pafupifupi maampu 17 okha, kotero fyuzi yamakono ya 35 ndi yaikulu kwambiri pamalo pake. Njira yabwino yosakira shoti (pomwe waya wosupukayo akukhudza bodi) ndi kulumikiza babu ya indiketa pamalo pa fyuzi yopsayo. Babuyo imawala kwambiri shoti ikadalipo, ndipo mukamagwedeza mtolo wa mawaya kapena kumasula zipangizo chimodzichimodzi, pomwe yazima kapena kufooka ndi pomwe pali chilonda. Mitundu ya mawaya a Lucas imafupikitsa ntchitoyi: wabulauni amakhala ndi magetsi nthawi zonse popanda fyuzi, wapepo ali nawo nthawi zonse kudzera mu fyuzi, woyera amalandira mukatembenuza kiyi, wobiriwira ndi wa kiyi kudzera mu fyuzi, ndipo wakuda ndi ethi.

Ngati batire ikutha galimoto itangoima, zimitsani zonse, tsekani zitseko, masulani waya wa ethi, ndipo ikani mita pa maampu pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Galimoto yakale yopanda kompyuta siyenera kukoka kanthu kupatula pang'ono pa wotchi kapena wailesi, kotero zoposa mamiliampu 50 n'zokayikitsa. Zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala itagwa. Ikapanda kugwa ngakhale mutazula onse, masulani mawaya a kumbuyo kwa alteneta, chifukwa dayodi (kachipangizo kolola magetsi kuyenda mbali imodzi yokha) yowonongeka mkati mwake imakhetsa batire popanda kudutsa mu fyuzi iliyonse.