Mukufuna kutsogolera bandi? Yambani mwamvetsera Bert Kaempfert

Achinyamata akandifunsa kuti kutsogolera bandi kumayambira pati, ndimawauza kuti asiye kaye chida m'chikwama sabata yathunthu, azingomvetsera zimbale za Bert Kaempfert. Bamboyu, amene anali mtsogoleri wa bandi komanso wopeka nyimbo, anabadwira ku Hamburg, m'dziko la Germany, mu 1923. Anaphunzira piyano, kilarineti, sakisofoni ndi akodiyoni, koma chimene ine ndimamulemekezera ndi khutu lake. Ankadziwa woti alize chida ndi woti adikire kaye.

Yambani ndi "A Swingin' Safari" ya mu 1962. Mmalawi sachedwa kuizindikira, chifukwa kalizidwe ka tizitoliro take anakatengera ku kwela ya ku South Africa, mtundu womwewo wa nyimbo umene a Daniel ndi a Donald Kachamba ankaimba ku Chileka. Koma ulendo woyamba tizitoliroto tisiyeni, tsatirani besi yokha. Mumva kakugunda kouma, kakafupi, kosachita mkokomo. Ameneyo ndi Ladi Geisler. Ankamenya nsambo ya besi gitala ndi piki, kachidutswa komenyera nsambo, n'kuigwira msanga kuti isalire nthawi yaitali, kwinaku besi yaikulu yoimirira ija ikuyenda naye limodzi pansi pake. Nditamupempha wa besi wathu kuti ayese zimenezi, anandikanira sabata ziwiri, ati besi ikumveka ngati yagweluka mano. Tsiku limene anavomera tinali pa ukwati muholo ya malata, ndipo kanali koyamba kuti anthu a kukhomo amve mawu onse a woimba wathu. Mayi wina anasiya mbale ya mpunga pampando n'kupita kukafupa.

Ulendo wachiwiri mverani ng'oma. Rolf Ahrens, wang'oma wa Kaempfert, ankakonda maburashi m'malo mwa timitengo, choncho ng'oma zimachita ngati zikusesa pabwalo. Wang'oma wanu mugulireni maburashi, ndipo nyimbo imodzi pa pulakatisi iliyonse aziimba ndi amenewo basi.

Kenako ikani "Wonderland by Night", imene inafika pa nambala wani ku America kuchiyambi kwa 1961. Lipenga la Charly Tabor likulira lokha, ndipo gulu lonse likuchita ngati likumuyalira mphasa. Apa ndiye pagona ntchito yanu. Tengani pepala, mulembe ndime za nyimbo imene mukuphunzira, ndipo pa ndime iliyonse ikani dzina la munthu mmodzi amene atsogolere. Enawo muwauze mosabisa kuti pamenepo achepetse kapena aleke. Kumuuza mnzako wa gitala, amene mwavutika naye zaka zisanu, kuti ndime yoyamba yonse manja akhale pamiyendo, n'chinthu chowawa. Muuzireni pambali, osati pagulu, ndipo mumuonetse pomwe iye adzawalire.

Musanawerenge "wani, thu, firii, folo", imbani chamumtima malo ovuta kwambiri a nyimboyo. Liwiro limene malowo akutuluka bwino ndi limene muwerenge. Ambiri timathamanga chifukwa cha mantha. Zizindikiro za manja zikhale zochepa zoti aliyense azidziwe: choyambira, chotsitsa mawu, chobwereza kolasi ndi chomalizira. Poyesa zokuzira mawu musaime kutsogolo. Pitani kumbuyo kwa holo, mukhale pa mpando wa alendo, mumve zimene iwo adzamve.

Chinanso, musamasinthe anthu ngati malaya. Kaempfert anajambula ndi oimba omwewo kwa zaka zambiri, ndipo nyimbo zambiri anapeka ndi mnzake Herbert Rehbein. Ndiye chifukwa chake chimbale chake umachidziwa chikangoyamba. Ngakhale "Strangers in the Night", imene Frank Sinatra anaimba mu 1966, kamvekedwe kake anapeka ndi Kaempfert yemweyu. Anamwalira ku Mallorca mu June 1980 ali ndi zaka 56, atangochoka koimba ku Britain.

Kuti anthu akhale nanu chonchi, ndalama za ntchito muzigawana usiku womwewo, zida zisanakwere galimoto, aliyense akuona. Ine ndimawerengera pamwamba pa sipikala, ndipo wang'oma, amene amafika woyamba ndi kuchoka womaliza, ndi amene amayamba kulandira.