Dibeti ya ufulu wa mtsinje wa Shire: poyambira pake ndi apa

Aphwanga a m'makalabu a dibeti kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, mutu uwu ukhoza kukugwerani tsiku lina: mtsinje wa Shire upatsidwe ufulu m'malamulo ngati munthu. Musaseke, zilipodi izi. Ecuador inalemba ufulu wa chilengedwe m'malamulo akulu a dziko mu 2008, New Zealand inapatsa mtsinje wa Whanganui ufulu ngati munthu mu 2017, ndipo Uganda, konkuno ku Africa, inaziika m'lamulo lake la zachilengedwe mu 2019.

Woyamba kuyankhula ntchito yake ndi kumasulira mutuwo. Ambiri amagwa pompa, amangoyamba kulira za makala ndi mitengo yatha ku Thabwa, majaji nkumangoyang'ana wotchi. Nenani kuti ufuluwo ndi wotani: mtsinje uziyenda, usathiridwe zoipa, ndipo wina azitha kukausumira kukhoti ngakhale iyeyo sanalakwiridwe kanthu. Kenako funso lalikulu, ndani aziuyankhulira? Shire alibe pakamwa. Ku Whanganui anaika anthu awiri, wina wosankhidwa ndi a Maori eni malo, wina wa boma. Inuyo konzani anu, kaya mfumu, kaya komiti ya asodzi a ku Elephant Marsh, bola mukhale nalo yankho musanakwere pa siteji.

Mfundo iliyonse iziyenda ndi chifukwa komanso chitsanzo, ndipo zitatu zakwana. Ngati muli mbali yovomera, chitsanzo chabwino musakachifune kutali, Khulubvi ali pompano ku Nsanje, nkhalango ya Mbona yomwe anthu amaopa kudulamo mtengo ndipo ili ndi akuluakulu oyisamala. Ndiye kuti zopatsa malo ulemu wakewake sizachilendo kwathu kuno.

Mbali yotsutsa, chida chanu ndi madzi osefukira. Mtsinje ukakhala munthu, nanga ukakokolola nyumba ngati mu Januwale 2015, kapena nthawi ya namondwe wa Ana mu 2022 pomwe malo opangira magetsi a Kapichira anaonongeka magetsi nkuvuta dziko lonse, tisumire ndani? Ku India khoti lina linapatsa mitsinje ya Ganges ndi Yamuna ufulu mu Malichi 2017, boma la derako linadandaula nkhani yomweyi ya kusefukira, khoti lalikulu nkuimitsa chigamulocho chaka chomwecho. Onjezerani kuti malamulo tili nawo kale, Environment Management Act ya 2017, vuto ndi kuwatsata. Funsaninso za mayi amene amalima chimanga ndi mbatata kudimba, ufulu wa mtsinjewu umuthamangitsa? Ineyo mbali iyi ndimaiona yokoma kuposa inayo, koma poti mbali sumasankha wekha, konzekerani zonse ziwiri.

Anzanu akamayankhula lembani, musamangodikira nthawi yanu. Poyankha tchulani kaye zomwe anenazo ndendende kenako muzigumule, ndipo sankhani mfundo yawo yamphamvu osati yofooka ija. Kulalata ndi kutchulana mayina sikupatsa malikisi, pachizungu chothyoka paja palibe mlandu bola mfundo ikumveka.

Nthawi imasiyana mpikisano ndi mpikisano, mu dibeti ya mtundu wa World Schools ndi mphindi 8 aliyense, anthu atatu mbali iliyonse, ndiye funsani aphunzitsi msanga. Yeserani ndi wotchi ya pafoni pansi pa mtengo madzulo kukazizirako, chifukwa masana a Okutobala ku Ngabu ngakhale mfundo imasungunuka.