Kuyenda ndi ana ku London tchuthi chino osawononga ndalama zambiri

Amene muli ku UK ndipo mukufuna kukaonetsa ana mzinda wa London komanso mpira, tamverani izi.

Ana osakwana zaka 11 salipira pa Tube (sitima zapansi pa nthaka za ku London) akakhala ndi wamkulu amene walipira, mpaka ana anayi pa wamkulu mmodzi. Musawagulire matikiti. Dutsani nawo pageti lalikulu la pa siteshoni lodutsira anthu okankha tingolo ta ana. Inuyo lipirani ndi khadi imodzimodzi tsiku lonse, musasinthe n'kuyamba kulipira pogunditsa foni pageti masana, chifukwa ndalama ya tsiku ili ndi malire ake ndipo makina amawerengera pa khadi imodziyo basi.

Ku nyumba zoonetseramo zinthu zakale ndi zasayansi za British Museum, Natural History Museum ndi Science Museum kulowa n'kwaulere. Awiri omalizawa ali pafupi pafupi ku South Kensington, ndiye tsiku limodzi likwanira.

Za mpira: matikiti a Premier League ndi odula, kupezanso kwake n'kovuta. Pitani kumasewero a Arsenal ya amayi ku Emirates Stadium. Bwalo lake ndi lomwelo la Arsenal ya amuna, mtengo wotsika kwambiri, ndipo ana amakhala mbwee. Koma chikwama chisapose kukula kwa pepala la A4, apo ayi mudzabwezedwa pakhomo ana akulira.