Kumanga Nyumba ku Lilongwe Muli Kunja: Mwini Ntchito Ndinu

Ndinakhala ku Joni zaka 7, ndipo zaka 4 mwa zimenezo ndinkamanga nyumba ku Lilongwe kudzera pa foni. Nyumbayo inatha ndipo lero muli anthu, koma inadya ndalama ndi nthawi yoposa imene inkafunika. Ndikulembera inu abale anga amene muli ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Leeds, ku Dublin ndi kwina konse, amene mwezi ukatha mumatumiza kangachepe kumudzi kuti tsiku lobwerera mudzafikire pakhomo panu.

Chimene ndinachedwa kuchizindikira n'chakuti kutumiza ndalama si kumanga. Wotumiza ndalama ndiye mwini ntchito, ndiye mtsogoleri wa onse ogwira pamalopo, ngakhale ali kutsidya kwa nyanja. Akalekerera, onse amalekerera.

Tiyambe ndi malo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalirira. Mumzinda wa Lilongwe malo ali m'manja osiyanasiyana: ena ndi a Unduna wa za Malo, ena a Khonsolo ya Mzinda, ena a Malawi Housing Corporation, ena ndi a anthu kapena makampani amene ali ndi lizi. Mukatuluka m'malire a mzinda, chakumbali ya Mpingu, Nanjiri kapena msewu wa ku Bunda, malo ambiri ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Choncho munthu akakutumizirani chithunzi cha puloti pa WhatsApp, musayambe ndi kufunsa mtengo. Funsani kuti malowo ali m'kaundula wa ndani, ndipo nambala yake ndi chiyani. Kenako tumani loya wodziwika ku Malawi Law Society kuti akafufuze ku ofesi ya malo ngati dzina la wogulitsa ndi lomwe lili m'kaundula, ngati malowo sanaikidwe chikole kubanki, komanso ngati palibe ngongole ya msonkho wa malo kapena wa khonsolo. Loyayo akhale wanu, osati amene wabwera naye ejenti. Ndalama imene mungamulipire ndi yochepa poyerekeza ndi mlandu wa puloti yogulitsidwa kwa anthu atatu.

Kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo ili ndi ntchito yake, koma si taitolo didi, pepala la boma lotsimikiza kuti malo ndi anu. Malamulo a malo anakonzedwanso mu 2016 ndipo anasinthidwanso mu 2022, ndipo malo a makolo ali ndi ndondomeko yawoyawo. Musanapereke khobidi pamalo otere, loya akuuzeni ngati malowo ndi ogulitsika n'komwe. Dziwaninso kuti malo a banja sagulitsa munthu mmodzi. Amalume akhoza kulandira ndalama lero, chaka chamawa ana a mlongo wawo n'kubwera kudzazula mabikoni. Saveya ayeze malire pamaso pa oyandikana nawo, onse aone.

Malo muziwaona nthawi ya dzinja. Puloti imene mu September imaoneka youma bwino, mu January ikhoza kukhala dambo la achule. Amene anali mu Lilongwe mu February 2017 akukumbukira mmene mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo. Malo a m'mphepete mwa mtsinje, pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM kapena m'malire a msewu amatchipa pa chifukwa chake.

Mapepala onse alembedwe m'dzina lanu. Ambiri timati, "Achimwene, ingolembani dzina lanu, tidzasintha ndikabwera." Mawu amenewa adanitsa mabanja ambiri. Mchimwene wanuyo akhoza kukhala wokhulupirika mpaka imfa, koma akamwalira malowo amawerengedwa ngati chuma chake cha masiye, ndipo ana ake sadzakhala akulakwa akadzawafuna. Ngati simungathe kubwera kudzasaina, lembani kalata ya power of attorney, yosainidwa pamaso pa loya wovomerezeka kapena ku ofesi ya kazembe wa Malawi, ndipo inene mwachindunji chimene munthuyo akuloledwa kuchita: kugula ndi kulembetsa puloti yakutiyakuti, osati kugulitsa kapena kuikitsa chikole. Inu amene munatenga unzika wa dziko lina, kumbukirani kuti kuyambira mu 2019 lamulo limalola kukhala nzika ya mayiko awiri. Konzani mapepala anu a unzika wa Malawi musanagule, chifukwa lamulo la malo limakhwimitsa zinthu kwa amene si nzika.

Tsopano za nthawi. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Amene anali atatumiza ndalama zambiri n'kuzisiya zitakhala mu akaunti ya mbale kapena pa Mpamba ndi Airtel Money anadzuka m'mawa zitachepa mphamvu, thumba la simenti litakwera. Ndalama ya ntchito imene sinayambe isungeni komwe muliko, mu randi kapena mu mapaundi. Tumizani pamene katundu akugulidwa sabata yomweyo.

Gawani ntchito m'magawo, ndipo gawo lililonse likhale ndi mtengo wake, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza: maziko, khoma kufika pa windo, ring'i bimu (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma), denga, pulasitala, kenako mawaya ndi mapaipi. Mmisiri alandire ndalama yake gawo likatha ndipo laonedwa. Pulani ipite kaye ku khonsolo kuti ivomerezedwe, ndipo mafomu a madzi ku Lilongwe Water Board ndi a magetsi ku ESCOM alembedwe msanga, chifukwa kudikira kwake sikudalira changu chanu. Maziko ndi khoma zimayenda bwino kuyambira May mpaka October. Denga likhale litakwera mvula ya November isanagwe. Khoma losafolera likavumbwa madzinja awiri, mumalipira kawiri. Malo a lizinso amabwera ndi lamulo loti muwatukule, ndipo boma lili ndi mphamvu yolanda malo ongogonekedwa.

Pano ndinene maganizo anga, ena adzatsutsa. Ambirife timayamba nyumba yaikulu kuposa thumba lathu, chifukwa tikufuna kuti akumudzi aone kuti kunja sitinapitire pachabe. Yendani ku Area 49 kapena ku Area 25 muwerenge zimphona za nyumba zimene zinaima pa lintala, udzu utamera m'zipinda. Ndikanayambiranso, ndikanamanga kaye mpanda ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kumbuyo, n'kuikamo munthu wa lendi. Malo akhala ndi mlonda, madzi alowa, ndipo lendiyo ikugula mabuloko a nyumba yaikulu.

Patulani ola limodzi pa sabata, tsiku lomwelo ndi nthawi yomweyo, loti mulankhule ndi anthu ali pamalo pa vidiyo. Amene muli ku South Africa nthawi yanu ndi yofanana ndi ya kwathu. A ku UK muli kumbuyo ndi ola limodzi kapena awiri, kutengera nyengo. Vidiyoyo iyambire kumsewu, ionetse chizindikiro chimene mukuchidziwa, kaya ndi mtengo wa mango kaya nyumba ya oyandikana nawo, kenako ilowe mkati mpaka mosungira simenti, matumba awerengedwe inu mukuona. Zithunzi zokha musazikhulupirire. Alipo amene analandira zithunzi za nyumba ya eni ake kwa zaka, n'kudzapeza tchire atatsika ndege ku Lumbadzi. Ola limodzi lokhazikika limaposa mafoni khumi a usiku oimba mutakwiya.

Ntchito yanga ankayang'anira ndi msuweni wanga. Chaka chachiwiri ndinapeza kuti matumba a simenti amene ndinalipira sakugwirizana ndi khoma limene linakwera. Ndinamukalipira kwambiri. Iye anangoti, "Achimwene, kodi munandifunsapo kuti ndimayenda bwanji kuchoka ku Kawale kupita kumaloko tsiku ndi tsiku? Geni yanga ndinatseka chifukwa cha nyumba yanu." Kutenga simenti kunali kulakwa, ndipo anavomera. Koma inenso ndinalakwa. Ndinamusenzetsa ntchito ya folomani kwa miyezi 18 popanda malipiro, ndikumati ndi chibale. Kuyambira pamenepo tinalemba pangano: malipiro ake pamwezi, ndalama ya thiransipoti ndi ya mayunitsi, ndiponso zimene ndikuyembekezera kwa iye. Simenti sinasowenso, ndipo tinayamba kulankhulana ngati anthu.

Munthu amene mukumulipira mutha kumufunsa malisiti popanda manyazi, iyenso sakuona ngati mukumunyoza. Pakhale kabuku kamodzi kolembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka, ndipo tsamba la sabata lijambulidwe n'kutumizidwa. Wogula katundu, wosunga katundu ndi woona ngati ntchito yagwirika bwino asakhale munthu mmodzi. Katundu wamkulu monga malata, simenti ndi zitsulo lipirani mwachindunji kusitolo, mbale wanu angopita kukatenga. Pa magawo amene kulakwitsa kwake kumabisika, monga maziko, ring'i bimu ndi denga, lipirani injiniya woima payekha kuti akaone asanathire konkire. Ngati mwalemba kontrakitala, funsani chiphaso chake cha bungwe loona za makontrakitala lomwe ambiri timalidziwa kuti NCIC, ndipo mbale wanu akaone nyumba ziwiri zimene anamangapo, alankhule ndi eni ake.

Mukafuna kuti ena akhale okhulupirika kwa inu, nanunso mukhale okhulupirika kwa iwo. Mukalonjeza kuti ndalama ifika pa 30, ifike pa 30, ndipo zikavuta nenani msanga kuti mmisiri akagwire kwina m'malo mokhala pansi ndi anyamata ake. Amayi otunga madzi, anyamata osakaniza matope ndi mlonda wa usiku amadya za tsiku lomwelo. Funsani mwachindunji ngati alandira, chifukwa nthawi zambiri ndalama yawo ndi imene imathera m'thumba la kapitawo.

Za ziphuphu ndinene mosapsatira. Adzabwera madobadoba onena kuti ali ndi munthu mkati, kuti mapepala atuluka sabata imodzi mukangopereka ya fanta. Ndalama iliyonse yopita ku boma kapena ku khonsolo imakhala ndi lisiti. Pepala lotuluka pakhomo lakumbuyo limadzagwa tsiku limene mwini malo weniweni adzafike kukhoti, ndipo wolandira uja sadzaoneka. Wina akakakamira kuti mupereke, bungwe la Anti-Corruption Bureau lilipo. Ejenti woona mtima amanena komishoni yake poyera ndipo amalola kuti mukumane ndi mwini malo.

Ena mwa inu mukutsogolera magulu a Amalawi amene amasonkha ndalama kuti agule malo ambiri n'kugawana mapuloti. Ndi nzeru yabwino, koma imalemera pa mtsogoleri. Ndalama za gulu zikhale ku banki ndi osainira atatu, lipoti lituluke mwezi uliwonse ngakhale palibe chachitika, ndipo ngati wogulitsa malo ndi mbale wanu kapena wakulonjezani puloti yaulere, uzani gulu lisanavote. Mapuloti agawidwe mwa maere, wapampando asayambe kusankha wa pakona.

Nyumba ikatha n'kulowa wa lendi, lembani pangano, lendi izilowa mu akaunti yanu, ndipo denga likadontha konzani mwezi womwewo. Lembaninso wilu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, koma wilu imachotsa mikangano isanayambe. Mapepala enieni a malo asungidwe kwa loya kapena ku banki, inu mukhale ndi makope ake pa imelo, ndipo akunyumba kwanu adziwe nambala ya puloti, dzina la loya ndi kumene kabuku kaja kali.