Galu wanu akafa, muikeni motere

Kuno ku Ulongwe galu akafa, ambiri amangomumanga chingwe m'mwendo n'kumukokera kutchire, ena kumuponya m'ngalande ya m'mbali mwa msewu wopita ku Calómuè, akhwangwala ndi ntchentche azikamaliza okha. Ine zimenezi zimandinyansa. Galu amene wakhala akuuwa akuba zaka zonsezi, woperekeza ana kudimba la mbatata, mum'patse dzenje lake.

Musanamugwire, dziwani chamupha. Ngati masiku omaliza ankatuluka dovu, kuluma chilichonse ngakhale mwini wake, kapena miyendo yakumbuyo inafooka mwadzidzidzi, ganizirani chiwewe. Musamukhudze ndi manja opanda kanthu, valani magolovesi kapena majumbo awiri dzanja lililonse, ndipo dziwitsani a zoweta a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto. Amene analumidwa kapena kunyambitidwa pabala atsuke ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire kuti aone kaye. Ngati galuyo wadya tameki kapena mankhwala ena a makoswe, mtembo wakewo ndi poizoni: nkhumba kapena galu wina akaudya, mukumbanso dzenje lachiwiri.

Tsopano malo. Kumanda kwa anthu ayi, musayerekeze n'komwe, chifukwa kumeneko kuli eni ake, amfumu ndi adzukulu, ndipo mlandu wake simungauthe. Si ife tokha. Ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, kunali kagalu kotchedwa Bobby kamene amati kanalondera manda a mbuye wake John Gray zaka 14. Katafa mu 1872, mzinda wonse unkakakonda, koma anakaika pafupi ndi chipata cha manda a Greyfriars, osati pakati pa anthu. Ku Tokyo anachita mosiyana: Hachiko, amene ankadikira mbuye wake pasiteshoni ya Shibuya kuyambira pamene mbuyeyo anamwalira mu 1925 mpaka iye atafa mu 1935, ali ndi mwala wake ku manda a Aoyama pambali pa mbuye wakeyo, Hidesaburo Ueno.

Nkhani imene imandisangalatsa ine ndi ya kwa anzathu a ku South Africa. Ku Simon's Town kunali chigalu chachikulu dzina lake Just Nuisance, chokonda kukwera sitima ya pamtunda ndi asilikali a pamadzi mpaka ku Cape Town osalipira. A njanji atakwiya, asilikaliwo anangochilemba usilikali mu 1939, poti msilikali ankakwera ulere. Chitafa mu 1944 anachiika mwaulemu wonse wa chisilikali, mfuti kulira. Inu mfuti simukusowa. Khasu, pikisi ndi fosholo zikwanira.

Sankhani pakona ya mpanda wanu kapena kumalire kwa munda, pamtunda, kutali ndi chitsime, mjigo ndi dambo. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, pemphani kaye kwa mwini wake. Dzenje likhale lakuya mita imodzi kapena kupitirira. Mukaimamo lifike m'chiuno. Ambiri amatopera m'mawondo, ndiye pakapita masiku awiri fisi kapena agalu anzake afukula kale, fungo mudzi wonse. Dothi lathu lofiira la ku Angónia limakumbika bwino nthawi ya dzinja. Amene muli ku Tete kapena ku Moatize, kumene nthaka ndi yamiyala ndipo mu Okutobala kumatentha koopsa, thirani madzi pamalopo kuti pafewe, ndipo galuyo asagone, aikidwe tsiku lomwelo.

Mukulungeni m'chitenje chakale kapena m'bulangete lakutha, osati m'pulasitiki, chifukwa pulasitiki saola. Mugonekeni cham'mbali, wazani laimu pamwamba pake ngati muli naye, ngati mulibe phulusa la pamoto lichepetsako fungo. Kwirirani pang'onopang'ono mukupondaponda, kenako sanjikizani miyala ikuluikulu kapena zidutswa za njerwa. Pakagwa mvula dothi limatitimira, muzawonjezere lina.

Ana asathamangitsidwe, aponyeko dothi nawonso ngati galuyo sanafe ndi chiwewe. Ofuna chizindikiro akhoza kulemba dzina la galuyo ndi msomali pa simenti yaiwisi, kapena kubzala mtengo wa pichesi chapambali, osati pamwamba penipeni. Mbale yake ndi tcheni muzitsuke ndi madzi a jiki musanapatse galu wina, ndipo galu wotsala pakhomo mupite naye akabayidwe katemera wa chiwewe chaka chino.